Wotchi Yakale Sigulidwa Poona Nkhope

M'mwezi wa November 2021, mumzinda wa Geneva ku Switzerland, kampani ya Phillips yomwe imagulitsa katundu wamtengo wapatali pa okushoni inabweretsa wotchi yapamkono ya Omega Speedmaster. Ankati ndi ya 1957, chaka chomwe Speedmaster inayamba kupangidwa. Okonda mawotchi amaupatsa ulemu mtundu umenewu chifukwa ndi umene bungwe la NASA linavomereza mu 1965 kuti anthu ake opita mumlengalenga azivala, ndipo Buzz Aldrin anali ataimanga pamkono pamene ankaponda pamwezi mu July 1969. Munthu wopeza Speedmaster ya chaka choyamba ndiye kuti wagwira chiyambi cha mbiri yonseyo.

Chomwe chinatenga mitima ya ogula chinali nkhope ya wotchiyo. Nkhope ya Speedmaster ya nthawi imeneyo inkatuluka kufakitale ili yakuda bii. Pa mawotchi ena ochepa, dzuwa ndi chinyezi cha zaka zambiri zimasandutsa utoto wakudawo kukhala wofiirira, ndipo osonkhanitsa mawotchi amakhuthula matumba akapeza nkhope yofiirira mofanana mbali zonse. Iyi inali yotero. A Phillips ankayerekeza kuti ikakwera kwambiri ifika pa ma franc 120,000. Ogula atatha kulimbirana, mtengo unali utadutsa ma franc 3.1 miliyoni, omwe anali madola a ku America oposa 3 miliyoni. Panalibe Omega ina yomwe inagulidwapo pa okushoni pa mtengo wotero. Wogulayo anali kampani ya Omega yomwe, ikufuna kukaika wotchiyo m'nyumba yake yosungiramo zinthu zakale ku Biel.

Mu June 2023 nyuzipepala ya ku Zurich ya Neue Zürcher Zeitung inaulula zomwe zinali kuseri. Wotchi ija sinatuluke kufakitale momwe inkaonekera. Inali yolumikizalumikiza. Zidutswa zake zambiri zinalidi za Omega, koma zochotsedwa ku mawotchi osiyanasiyana. Omega inavomera kuti inapusitsidwa, ndipo inaloza chala anthu atatu omwe kale ankaigwirira ntchito, kuphatikizapo wa kunthambi yosunga mbiri ya kampaniyo. Inati munthu ameneyu ndiye anauza mabwana ake kuti wotchiyo ndi yosowa kwambiri, igulidwe zivute zitani. A Phillips nawo anati ananamizidwa, ndipo anafotokoza kuti asanagulitse anali atafunsa ku Omega komweko za nambala ya makina a wotchiyo ndi nthawi yomwe anapangidwa.

Nkhani imeneyi ndi yoti munthu aisinkhesinkhe asanapise dzanja m'thumba. Omega ili ndi mabuku a fakitale, ili ndi akatswiri, ili ndi mawotchi enieni ofananitsira, koma inalipira mamiliyoni pa chinthu chophatikiza cholembedwa dzina lake lomwe. Nanga munthu amene wangoona chithunzi pa Facebook kapena pa eBay, n'kutumiza ndalama usiku womwewo, akudalira chiyani? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhope ndiyo imakopa wogula wotchi, n'chifukwa chake wachinyengo amayambira pankhope pomwepo.

Misampha yonseyi inachokera kutali. Pa tsiku la Khirisimasi mu 1969 kampani ya Seiko ya ku Japan inayamba kugulitsa Astron, wotchi yoyamba yapamkono ya quartz, yoyendera batire. Pasanathe zaka 15 mawotchi a quartz anali atadzaza dziko lonse, otchipa komanso osunga nthawi bwino kuposa owainda. Ku Switzerland, komwe anthu pafupifupi 90,000 ankapanga mawotchi mu 1970, chiwerengerocho chinatsika kufika cha m'ma 30,000 m'zaka za m'ma 1980. Mafakitale mazanamazana anatseka. Mawotchi owainda analowa m'madilowa ndi m'masutikesi, ndipo zipangizo zotsala m'mafakitale ndi m'mashopu a amisiri zinamwazikira m'manja mwa anthu osiyanasiyana.

Patapita zaka anthu anayambanso kuwafuna mawotchi aja, ndipo mitengo inakwera mochititsa mantha. Mu October 2017 Rolex Daytona yomwe ankavala katswiri wa mafilimu Paul Newman inagulidwa ku New York pa madola pafupifupi 17.8 miliyoni. Mitengo yotere ikamveka, munthu wosaona mtima amene ali ndi bokosi la zipangizo sasowa chochita. Makina a wotchi iyi, chigoba cha iyo, mivi ya inayo, nkhope ya ina, zikangolowana pamatuluka wotchi yomwe fakitale sinapangepo chiyambire. Pamsika amaitcha Frankenwatch.

Musaganize kuti izi n'za anthu a mamiliyoni okha. Chinyengo chochuluka chili pa mawotchi otchipa, omwe mphunzitsi kapena namwino angakwanitse pa malipiro a mwezi umodzi. Ku India kuli mawotchi akale ankhaninkhani. Kampani ya boma ya HMT inakhazikitsa fakitale ya mawotchi ku Bangalore mu 1961 mothandizidwa ndi Citizen ya ku Japan, ndipo inapanga ochuluka zedi mpaka pomwe boma linatseka nthambiyo mu 2016. Kuonjezera apo, m'dzikomo munalowa ma Seiko, ma Citizen ndi mawotchi a ku Switzerland monga Favre-Leuba, West End ndi Oris. Lero kuli timashopu tomwe timatola makina otopa a mawotchi amenewa, kuwaika m'chigoba chatsopano chotchipa, kupaka nkhope penti wowala, kudinda dzina lomwe likuyenda malonda, n'kuika pa intaneti. Ogula omwe anapsa nazo anawapatsa dzina loti Mumbai special.

Wotchi yotere siivuta kuizindikira kwa munthu wodekha. Akuti ndi ya zaka 50, koma nkhope ilibe ngakhale kabanga. Mtundu wake ndi wachikasu, wobiriwira kapena wofiira moonjeza, mtundu womwe kampani yolembedwayo sinatulutsepo. Zilembo ndi zonenepa, zina zapendekera, timizere ta mphindi sitikutalikirana mofanana. Ndipo wogulitsa mmodzi ali nawo makumimakumi, onse ofanana, onse akuti ndi osowa. Ikafika m'manja mwanu iyenda sabata imodzi kapena mwezi, kenaka zii. Mmisiri akatsegula amapeza dzimbiri, sikuluwu zosowa, nkhope yomata ndi guluu, mwinanso makina a kampani ina osati yolembedwa panja.

Mawotchi ena amadzichitira okha umboni ngati mudziwa powerenga, ndipo Seiko ndi chitsanzo chabwino. Pachivundikiro chakumbuyo pamakhala manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 6309-7040. Yoyambayo ndi ya mtundu wa makina, yachiwiri ndi ya chigoba. M'munsi mwa nkhope, pafupi ndi 6, pali tizilembo tating'ono toyamba ndi nambala ya makina yomweyo. Mukatsegula, pa makinawo padindidwanso nambala imeneyi. Malo atatu onsewa ayenera kugwirizana. Palinso nambala ina kumbuyo komweko yomwe imanena nthawi yopangidwira: chiwerengero choyamba ndicho chomaliza cha chaka, chachiwiri ndi mwezi, kuyambira 1 mpaka 9, kenaka O, N ndi D pa miyezi itatu yomaliza. Choncho 6309-7040 yomwe nambala yake yayamba ndi 2D ndi ya December 1982, popeza mtundu umenewu unkapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1988. Kuwerenga zimenezi sikulira ndalama, koma kumapulumutsa ndalama.

Lamulo lalikulu pogula ndi loti musalipire musanaone m'kati. Ngati mukugula patali, pemphani chithunzi chooneka bwino cha makina, china cha kumbuyo, china cha nkhope chojambulidwa pafupi kunja kukuwala. Wogulitsa wokana kapena wozengereza wakupatsani kale yankho. Ngati muli naye maso ndi maso, mudzamva mawu odziwika aja: "Bwana, iyi ndi yeniyeni, anasiya ndi madala anga, ndangopanikizika." Mwina akunena zoona. Muyankheni mwaulemu kuti, "Achimwene, tiyeni tipite nayo kwa amisiri akaitsegule, ndalama yotsegulira ndilipira ine." Mwini wake weniweni sakana. Pomwepo yang'anani dzimbiri lofiira kapena lobiriwira, mitu ya sikuluwu yokukutika, zizindikiro za guluu, ndiponso ngati dzina ndi nambala za pa makina zikugwirizana ndi za panja.

Kenaka iyeseni. Iwaindeni, ikani nthawi molingana ndi ya pafoni, muione mawa lake. Mawotchi oyesedwa ndi bungwe la COSC ku Switzerland saloledwa kutsalira kuposa masekondi 4 kapena kuthamanga kuposa masekondi 6 patsiku, koma musayembekezere zimenezo pa wotchi ya zaka 50. Ikamaphonya ndi theka la mphindi patsiku ndiye kuti ili bwino. Ikamaphonya ndi mphindi zingapo, kapena ikamaima mukaitembenuza chafufumimba, muli vuto. Wogulitsa akati yangokonzedwa kumene, funsani lisiti ndi dzina la shopu. Popanda lisiti, werengerani mtengo wokonzetsa pamwamba pa mtengo wogulira, ndipo musadabwe wokonzetsawo ukaposa wogulira. Sankhaninso mtundu womwe zipangizo zake zimapezeka, monga makina a Seiko kapena a ETA omwe anapangidwa ochuluka. Wotchi ya kampani yomwe inatha kalekale ikathyoka kachitsulo kamodzi, mudzafunika kugula ina yofanana nayo yoti muphwasule.

Pa mawotchi odula monga Rolex pali ngozi inanso, ya katundu wakuba. M'mizinda monga London ndi Johannesburg akuba amavula anthu mawotchi pamsewu, ndipo mawotchiwo amawoloka malire kukagulitsidwa kwina. Ku London kuli bungwe la The Watch Register lomwe limasunga manambala a mawotchi obedwa ndi otayika, ndipo munthu angathe kulipira kuti amufufuzire nambala asanagule. Mtengo wotsika modabwitsa, wogulitsa wofulumira, wosafuna kunena komwe anaitenga, zonsezi ndi zifukwa zokwanira zobwezera ndalama m'thumba. Wotchi yakuba ikadziwika imabwerera kwa mwini wake, ndipo wogulayo amatsala chimanjamanja, mwinanso ndi mlandu.

Tinene kuti mwagula yabwino, kapena mwaipeza m'sutikesi ya kumudzi. Apa ngozi imachoka kwa wogulitsa n'kubwera kwa inu eni ake. Kuti muisamale muyenera kudziwa zomwe zimachitika m'katimo. Mukawainda mumakunga sipuling'i yaitali yopindidwa m'kabokosi kozungulira. Sipuling'iyo ikamamasuka imakankha timawilo ta mano, ndipo kumapeto kwake kuli kawilo kopita uku ndi uku, kolamulidwa ndi kawaya kozungulizidwa kopyapyala kwambiri. Kawilo kameneka ndiko kamagawa nthawi. Pa mawotchi ambiri akale kamagunda kasanu pa sekondi, kutanthauza ka 18,000 pa ola, ka 432,000 patsiku. Mawu oti 17 jewels omwe mumaona pankhope amanena za timiyala ta ruby topangidwa m'fakitale, tomwe nsonga za timawilo zimazungulirapo kuti zisaperepeseke. Timiyalato tilibe mtengo pamsika, ntchito yake ndi kusunga kadontho ka oyilo kosaoneka bwino ndi maso.

Oyilo ameneyu ndiye moyo wa wotchi, ndipo sakhalitsa. Pakapita zaka amauma kapena kulimba, amasakanikirana ndi fumbi, n'kuyamba kudya zitsulo zomwe ankateteza. Wotchi yomwe yagona m'dilowa zaka 30 ikhoza kuyamba kuyenda mukaiwainda, ndipo mwini wake amasangalala, kuimanga pamkono tsiku ndi tsiku. Koma ikuyenda youma, ndipo tsiku lililonse ikudziperepesa. Pamene idzaime, zomwe zikanangofuna kutsuka zidzafuna kusintha. Wotchi yovalidwa kawirikawiri imafuna kukonzedwa pafupifupi zaka zisanu zilizonse, ndipo yomwe simukudziwa mbiri yake ipite kwa mmisiri musanayambe kuivala.

Posankha mmisiri musachite manyazi kufunsa. Ambiri omwe timawaona m'makonde a m'tauni masiku ano anazolowera kusintha mabatire ndi malamba, chifukwa ndiyo ntchito yomwe imabwera. Odziwa makina owainda alipo, makamaka achikulire, koma muyenera kuwafunafuna. Kukonza kwenikweni ndi kuphwasula makina onse kachidutswa ndi kachidutswa, kutsuka, kuona zomwe zatha, kubwezeretsa, kudontheza oyilo wa mawotchi pamalo pake penipeni, n'kuyesa kayendedwe kwa masiku angapo. Amene akuti mubwere pakatha ola limodzi ndiye kuti angoviika makina onse mu petulo kapena sipiliti n'kuthira oyilo wa makina osokera. Iyenda miyezi ingapo, kenaka oyilo wolemerayo afika pa kawaya kaja n'kukamata. Nenani poyambirira kuti, "Bambo, nkhope ndi mivi musazikhudze, chigoba musachipale, ndipo chilichonse chomwe musinthe mundibwezere chakalecho." Chenjeraninso ndi amene angakuuzeni kuti achotse makina onse aikemo a batire. Akatero mwatsala ndi chigoba chokha, ndipo makina anu akathandiza kumanga wotchi ya munthu wina.

Kusamala kwa tsiku ndi tsiku sikovuta. Iwaindeni mutaivula, chifukwa kuwainda ili pamkono kumapinda kamtengo kachitsulo kolowa m'kati. Teroni nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse, pang'onopang'ono, ndipo mukamva kulimba lekani pomwepo. Yowaindidwa mokwanira imayenda maola pafupifupi 40. Ma Seiko 5 ambiri akale sawaindidwa ndi dzanja, amadziwainda okha mkono ukamayenda, choncho ikaima igwedezeni mofatsa kangapo m'malo moikakamiza. Ngati ili ndi kazenera ka deti, musasinthe detiyo mivi ikuloza pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'mawa, chifukwa nthawi imeneyo mano osintha deti amakhala atalumana kale ndipo mukhoza kuwathyola. Yambani mwasuntha mivi kufika pa 6, musinthe deti, kenaka mubwezeretse nthawi.

Madzi ndiwo apha mawotchi akale ambiri. Mawu oti waterproof olembedwa kumbuyo anali oona pamene timalabala totseka mipata tinali tatsopano. Labala wa zaka 40 anauma ndi kung'aluka kalekale. Ivuleni posamba, pochapa, potsuka mbale, ndipo mvula ikakupezani panjira iikeni m'thumba louma. Thukuta la mu October nalo limadya chigoba ndi lamba wachikopa, choncho ipukuteni ndi kansalu kofewa madzulo. Mukaona kankhungu kunsi kwa galasi, madzi alowa kale. Musaiike mu mpunga kapena padzuwa n'kumadikira. Pitani nayo kwa mmisiri tsiku lomwelo akaitsegule ndi kuiumitsa, chifukwa dzimbiri siliyembekezera kutha kwa mwezi.

Maginito ndi mdani wosaoneka. Sipika ya wailesi, chitseko cha filiji, chikwama cha foni chotseka ndi maginito, zonsezi zingachititse kuti mizere ya kawaya kaja imamatirane, ndipo wotchi imayamba kuthamanga ndi mphindi zambiri patsiku. Vutoli limatha m'masekondi ochepa kwa mmisiri amene ali ndi kachipangizo kochotsera maginito, choncho musalole kuti aphwasule makina asanayese zimenezo. Kugwa nako ndi koopsa. Njira yotetezera kawilo kogawa nthawi yotchedwa Incabloc inatulukiridwa mu 1934, koma panapita zaka kuti ifalikire, ndipo mawotchi ambiri akale alibe. Kugwa kamodzi pa simenti n'kokwanira kuthyola nsonga ya kawiloko. Ivaleni ndi kuivula muli pabedi kapena patebulo, ndipo musapite nayo kowaza nkhuni, kolima, kokhoma misomali kapena kumpira.

M'mabanja ambiri a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Tete muli mawotchi omwe agogo anabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Joni pa nthawi ya Wenela, ku Salisbury kapena ku Copperbelt. Munthu ankabwerako ndi njinga, wailesi, jekete ndi wotchi, ndipo wotchiyo inkachitira umboni kuti sanapite pachabe. Ambiri mwa mawotchi amenewa si a mamiliyoni, ndipo si bwino kudzinamiza. Koma ndi enieni, sanalumikizidwe, mbiri yawo ikudziwika kuyambira kusitolo mpaka lero, ndipo zimenezo n'zomwe msika ukusowa. Mdzukulu wachikondi koma wopupuluma amafuna kuti wotchi ya agogo iwale. Amaipereka kuti aipale pa makina, ngodya zakuthwa za chigoba n'kufafanizika, chitsulo chomwe chachoka osabwereranso. Amapentetsa nkhope, zilembo za fakitale n'kutheratu. Pofuna kuikongoletsa wachotsa chomwe chinkaipatsa mtengo. Galasi lapulasitiki lokandika mukhoza kulipolisha kapena kulisintha, lamba mukhoza kugula wina. Nkhope yofiirira ndi dzuwa isiyeni momwemo. Ndipo wina akabwera kudzakupatsani wotchi yonyezimira ya batire kuti musinthane ndi "chakale chosayendachi", yambani mwafufuza dzina ndi nambala yake.

Pali chifukwa china chachikulu chosakhudzira nkhope ya wotchi yakale, ndipo ichi chikukhudza moyo wanu. Mu 1898 Marie ndi Pierre Curie anatulukira radium. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali ankafuna mawotchi ooneka mumdima, ndipo makampani anayamba kupaka manambala ndi mivi penti wosakaniza radium ndi zinc sulfide. Ku Orange, m'chigawo cha New Jersey ku America, kampani ya United States Radium Corporation inalemba ntchito atsikana ambiri opaka pentiyo. Anawaphunzitsa kusongola nsonga ya burashi ndi milomo kuti zilembo zituluke zosalala, ndipo anawauza kuti pentiyo alibe vuto. Thupi limatenga radium n'kuisunga m'mafupa. Patapita zaka zochepa mano anayamba kugweduka, nsagwada kuwola, ena anadwala khansa ya m'mafupa, ndipo ambiri anamwalira ali achitsikana. Mu 1925 dokotala Harrison Martland anaonetsa kuti choyambitsa chinali radium. Mu 1928 Grace Fryer ndi anzake anayi, omwe anasumira kampaniyo, anagwirizana nayo kunja kwa khoti kuti aliyense alandire madola 10,000 ndi madola 600 pachaka. Zofanana ndi zimenezi zinachitikanso ku Ottawa, m'chigawo cha Illinois.

Penti wa radium anapitiriza kugwiritsidwa ntchito mpaka m'zaka za m'ma 1960, pamene makampani anasamukira ku tritium, yomwe mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka 12 zokha. Mawotchi a ku Switzerland a tritium amakhala ndi chilembo T m'munsi mwa nkhope, pambali pa mawu oti Swiss. Radium ndi ina: pamatenga zaka pafupifupi 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Chomwe chimasokoneza anthu n'choti wotchi ya radium inasiya kalekale kuwala usiku. Chinatha ndi zinc sulfide, radium ikadali momwemo ndi mphamvu zake zonse. Penti uja tsopano ndi wouma, wachikasu kapena wofiirira, ndipo amayoyoka kukhala fumbi. Wotchi ikakhala yotseka, galasi lili lonse, ngozi yake ndi yochepa. Ngozi yaikulu imabwera munthu akaitsegula patebulo lodyera, kuuzira fumbi ndi pakamwa, kupala penti ndi singano, kenaka n'kugwira chakudya. Radium imatulutsanso mpweya wa radon, choncho mawotchi otere asasungidwe ambiri m'kachipinda kotseka, kapena kumutu kwa bedi. Wotchi iliyonse yakale kuposa zaka za m'ma 1960 yokhala ndi penti wotere pa mivi ndi manambala muiyese ya radium kufikira itayesedwa ndi chipangizo cha Geiger. Isakhale choseweretsa ana, galasi likasweka iikeni m'kathumba kotseka, ndipo muuzeni mmisiri asanaitsegule, chifukwa nayenso ali ndi mapapo ndi ana.

Zonsezi sizikutanthauza kuti muope mawotchi akale. Ndi zinthu zopangidwa mwaluso, zotheka kukonzedwa mibadwo ingapo, ndipo munthu wozisamala amapeza chisangalalo chenicheni. Ngakhale wotchi yosinthidwa zipangizo si yoipa payokha. Makina a zaka 60 osasinthidwapo kanthu ndi ochepa, ndipo wotchi yopentedwanso nkhope ikhoza kukutumikirani bwino ngati munaigula mukudziwa, pa mtengo woyenera wotchi yopentedwanso. Choipa ndi kubisa.

Choncho tengani kakope kakang'ono mulembemo zonse za wotchi yanu: komwe inachokera, amene anaivala poyamba, manambala ake, tsiku lomwe inakonzedwa, mmisiri amene anaikonza, ndi chilichonse chomwe chinasinthidwa. Malisiti ndi zipangizo zakale zikhale pamodzi ndi kakopeko. Tsiku lina wotchiyo idzachoka m'manja mwanu, kupita kwa mwana, kwa mdzukulu kapena kwa wogula. Patsikulo mudzakhala inu woyankha mafunso omwe lero mukufunsa ena. Mudzanene zonse, ngakhale zotsitsa mtengo, ndipo wogula akadzapempha kuti mupite nayo kwa amisiri akaitsegule, mudzavomere msanga.